Boma Lisagawe Mafunde a Wailesi Lisanawapime

Aliyense amene anagonapo m'midzi ya pafupi ndi malire a Mwami, kum'mawa kwa Chipata, adziwa cozizwitsa cimene foni icita kumeneko. Ukakhala pakhomo foni iri m'Zambia. Ukangotsikira kudimba ulandira uthenga wokulonjera m'dziko la Malawi, cikhalireco phazi lako silinaoloke malire. Kwina, m'cigwa ca Luangwa, mai amene mwana wake wadwala usiku ayenera kukwera pa culu, dzanja liri m'mwamba, kuti mau ake afike kwa mwini galimoto. Ndipo m'Lusaka momwe, mitambo ya Januwale ikangoda bii, cithunzi ca kanema wa setilaiti ciima, anthu nayamba kudzudzula mbale imene iri pa denga.

Ambiri a ife tiziyesa zinthu izi tsoka cabe, kapena ulesi wa makampani. Koma zitatu zonsezi ziri ndi muzu umodzi, ndiwo mayendedwe a mafunde a wailesi pamwamba pa dziko lathu. Tsono funso limene ndifuna kuti tilingalire, owerenga athu, ndi ili: kodi ndi udindo wa yani kudziwa mayendedwe amenewo? Ine nditi ndi udindo wa Boma, ndipo ndi udindo umene sungaperekedwe kwa wamalonda kapena kwa mlendo, ngakhale akhale waubwenzi cotani.

Tiyambe ndi kumvetsa cinthu cimene tikukamba. Mau a muulutsi wa pa wailesi, zithunzi za kanema, uthenga wa pa foni, ndalama zimene mutumiza kumudzi pa foni, kulankhulana kwa woyendetsa ndeke ndi a pa bwalo la ndeke, zonsezi ziyenda pa mafunde osaoneka ndi maso. Mafundewo asiyana m'kufulumira kwa kugwedezeka kwake. Mukaona nambala monga 99 MHz pa wailesi yanu, tanthauzo lake ndi lakuti funde limenelo ligwedezeka nthawi 99 miliyoni pa sekondi imodzi. Mndandanda wonse wa mafunde, kuyambira odekha kufikira ofulumira koposa, ndiwo umene akatswiri achula kuti spectrum. Uli ndi malire. Mawailesi onse a FM, mwacitsanzo, apanikizana pa kampata ka pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo awiri akaikidwa pa funde limodzi m'dera limodzi, womvera samva uyu kapena uyo, koma phokoso lokha.

Cifukwa cake mafunde afanana kwambiri ndi nthaka. Lamulo la Malo la 1995 linena kuti nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko, amene aisunga m'malo mwa anthu onse. Mafunde nawonso si a kampani iriyonse. Kampani ibwereka cabe kwa zaka zowerengeka. Koma taonani kusiyana kwake. Palibe munthu wanzeru amene alandira pepala la munda opima malo asanafike ndi kukhoma zikhomo za malire. Nanga mafunde, amene malire ake asintha ndi phiri, ndi mitengo, ndi mvula, tidzawagawa bwanji popanda kupima kosalekeza?

Lamulo liripo kale, ndipo pamenepa sitiyenera kulira. Mu 1994 bungwe lakale la PTC linagawidwa pawiri, kunabadwa Zamtel ndi Zampost, ndipo nchito yoyang'anira mafunde inapatsidwa kwa bungwe lapadera la Communications Authority. Lamulo la 2009 linasandutsa bungwe limenelo kukhala ZICTA. Pakati pa nchito zimene lamulolo linaika pa mapewa a ZICTA pali kugawa mafunde, kuteteza ogula, ndiponso kulimbikitsa kafukufuku. Ziwiri zoyambazo timva za izo kawiri-kawiri, popeza zibweretsa ndalama ndi madandaulo. Yacitatuyo iribe wofuula m'malo mwake. ZICTA yacita bwino kuwerenga, pamodzi ndi a ofesi ya ciwerengero, mabanja amene ali ndi foni ndi intaneti, monga inacitira mu 2018 ndi mu 2022. Koma kuwerenga mafoni ndi nchito ina, kupima mafunde ndi inanso. Monga momwe kuwerenga makasu m'mudzi sikukuuza ngati nthaka iri ndi conde.

Acikulire adzakumbukira kuti dziko lino linayamba lapindulapo ndi kufufuza kwa mtundu umenewu. Wailesi inayamba kuulutsa m'Lusaka mu 1941, koma munthu wamba analibe coimvera. Harry Franklin, amene anali mkulu wa ofesi ya zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anayenda m'makampani a ku Britain kufuna wailesi yochipa, yoyendera batire, yokhoza kupirira kutentha ndi tizirombo ta kuno. Kampani ya Ever Ready inabvomera, ndipo mu 1949 kunafika kawailesi kooneka ngati poto, kochedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5. Inde, atsamunda anali ndi zolinga zao, ndipo sindikuwayeretsa. Koma phunziro liripo: wamalonda payekha sanaone phindu m'mudzi wa Mwafrika kufikira pamene munthu wa boma anamuonetsa cimene cinali kufunika. Ndi kawailesi kameneko kamene kanafikitsa nyimbo za Alick Nkhata pa mabwalo a midzi yathu. Cimodzi-modzinso mu 1974, pa nthawi imene malire a ku Rhodesia anali otseka ndipo njanji ya TAZARA inali kumangidwa, Boma linatsegula siteshoni ya setilaiti ku Mwembeshi kuti dziko likhale ndi khomo lake-lake lolankhulira ndi maiko akutali. Ndipo intaneti inalowa m'dziko muno mu 1994 kudzera pa ZAMNET, imene inabadwira pa Yunivesite ya Zambia, osati m'sitolo ya munthu.

Tsopano ndikhale pang'ono pa nkhani ya mvula, cifukwa ndiyo ionetsa bwino koposa cimene nditanthauza.

Mafunde odekha, monga a FM, sasamala za mvula. Koma funde likapitirira 10 GHz, ndiko kuti kugwedezeka nthawi 10 biliyoni pa sekondi, madontho a mvula ayamba kulimwa ndi kulimwaza. Kanema wa setilaiti wa m'nyumba zathu abwera pa mafunde a pakati pa 11 ndi 12 GHz, ndipo ndico cifukwa cake cithunzi ciima mvula yamkuntho ikagwa. Mbale za Starlink, zimene zinayamba kugwira nchito m'Zambia mu 2023, zilandira pa mafunde a dera lomwelo. Milongoti yambiri ya mafoni nayonso itumizirana mau pa mafunde apamwamba otere. Injiniya pomanga njira yoteroyo ayenera kudziwa mphamvu ya mvula yoopsa ya dera limenelo, kuti aike mbale ya ukulu woyenera ndi milongoti yotalikirana moyenera. Muyezo umene agwiritsa nchito ndi wacilendo kwa mlimi. Safunsa kuti kunagwa mvula yocuruka bwanji m'caka conse. Afunsa za mvula imene igwa mwaukali koposa m'kagawo ka 0.01 pa 100 ka caka, ndizo mphindi pafupi-fupi 53 zokha. Kuti adziwe zimenezo pafunika cipangizo colemba mvula mphindi iriyonse, kwa zaka zingapo, osati botolo lija limene mphunzitsi awerenga kamodzi m'mawa.

Kumene kulibe miyezo yotere, injiniya atenga manambala a pa mapu a bungwe la ITU la ku Geneva, amene ali ongoyerekeza. Akatswiri a maiko otentha anazindikira kale kuti mvula ya kuno siifanana ndi ya ku Ulaya. Ku Nigeria, Pulofesa G. O. Ajayi wa ku Ile-Ife anapima ukulu wa madontho a mvula ya kwao m'zaka za m'ma 1980, ndipo zimene anapeza zigwiritsidwa nchito kufikira lero. Ku Durban, a Yunivesite ya KwaZulu-Natal akhala akucita cimodzi-modzi. Koma mvula ya ku Durban ndi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ya ku Nigeria ndi ya ku Nigeria. Dziko lathu lokha liri ndi mvula za mitundu-mitundu: kumpoto ipitirira mamilimita 1,000 pa caka, pamene m'zigwa za Zambezi ndi Luangwa siifika ngakhale 800. Mvula ya ku Mwinilunga ndi ya ku Siavonga ndani adzatipimira? Kampani ikapima, ipimira milongoti yake, ndi kutsekera manambalawo m'kabati kuti mnzake wopikisana naye asawaone. Palibe coipa pamenepo, ndiwo malonda. Boma lokha ndilo lingapime m'malo mwa onse ndi kuika zotulukapo poyera. Ndipo cipangizo colemba mvula mphindi iriyonse cithandizanso a zanyengo, omanga milatho ndi alimi.

Pali cifukwa cina cokulirapo. Mafunde sadziwa malire a dziko, ndipo ife tizunguliridwa ndi maiko 8. Wailesi ya Breeze kapena Radio Maria ya ku Chipata imveka ku Mchinji, ndipo za ku Malawi zimveka kwathu. Mafunde a FM agawidwa pakati pa maiko motsata pangano la ku Geneva la 1984, ndipo dziko likafuna kuika siteshoni yatsopano pafupi ndi malire liyenera kupangana ndi anansi ake. Pa zokambirana zotere mau okoma sapambana. Cipambana ndi pepala loonetsa kuti funde lakuti lifika pakuti ndi mphamvu yakuti. Foni ija ya ku Mwami imene ilumphira ku Malawi icita tero cifukwa mlongoti wa tsidya lija uli ndi mphamvu kuposa wa kwathu pa dimba limenelo, ndipo mankhwala ake ndi kupima ndi kupangana.

Pamwamba pa zonsezi pali msonkhano waukulu wa ITU wa za mafunde, umene ucitika pakapita zaka zitatu kapena zinai. Kumeneko ndiko maiko agwirizana kuti gawo lakuti la mafunde likhale la kanema, lakuti la mafoni, lakuti la ndeke. Anthu ena aganiza kuti Afrika apita kumeneko kukaomba m'manja cabe. Si zoona. Pa msonkhano wa 2012 maiko a Afrika ndi a Aarabu anaumirira kuti mafunde a 700 MHz, amene anali a kanema, atsegulidwe ku mafoni, ngakhale kuti maiko a ku Ulaya sanali okonzeka, ndipo anapambana. Anadziwa kuti kuno mafundewo anali pafupi-fupi opanda kanthu, ndiponso kuti funde lodekha lipita patali ndi kulowa m'nyumba, kotero kuti mlongoti umodzi ufikira midzi yambiri. Umenewo unali mphamvu ya kudziwa munda wako.

Koma mikangano ya masiku ano ndi yobvuta kuposa imeneyo. Makampani a mafoni afuna mafunde a pafupi ndi 3.5 GHz kuti ayendetsepo 5G, imene MTN inayambitsa m'Zambia mu November 2022. Mafunde a dera lomwelo ndiwo amene maiko a Afrika akhala akudalira pa setilaiti, maka-maka pa za ndeke ndi zanyengo, popeza apirira mvula. Pamwamba pake, pa 23.8 GHz, pali funde limene nthunzi ya madzi ya mumlengalenga itulutsa mwacibadwa. Masetilaiti a zanyengo achera khutu ku kanong'onong'o kameneko kuti alosere mvula, ndipo palibe msonkhano umene ungasamutse funde limenelo, pakuti analiika si munthu. Pa msonkhano wa 2019 ku Sharm el-Sheikh mafunde oyandikana nalo anapatsidwa kwa 5G, akatswiri a zanyengo nadandaula kuti mpanda umene unaikidwa pakati unali waufupi. Ife amene tinaona cilala ca 2024, cimene cinaumitsa cimanga m'minda ndi kuzimitsa magetsi a ku Kariba, sitingayese kulosera kwa mvula nkhani ya anthu akutali.

Cimene cicitika boma likagulitsa lisanamalize kufufuza tinaciona ku Amerika. Mu 2021 boma la kumeneko linagulitsa mafunde a pakati pa 3.7 ndi 3.98 GHz pa mtengo wa madola 81 biliyoni. Pafupi pomwepo, pa 4.2 kufikira 4.4 GHz, pagwira nchito kacipangizo kamene kauza woyendetsa ndeke kutalika kwake kucokera pansi pamene atera m'nkhungu. Oyang'anira mafunde anati palibe coopsa. Oyang'anira ndeke anati ciripo. Aliyense anagwira manambala ake. Mu January 2022 makampani ena a ndeke a maiko akunja anaimitsa maulendo ao, ndipo makampani a mafoni anakakamizika kucedwetsa milongoti ya pafupi ndi mabwalo a ndeke. Izi zinacitika m'dziko limene boma lake liri ndi nyumba yake-yake yofufuzira za mafunde ku Boulder, m'cigawo ca Colorado, kumene Anita Longley ndi Phil Rice anakonza mu 1968 masamu oloserera mayendedwe a mafunde pa mapiri ndi zigwa, masamu amene mainjiniya a dziko lonse lapansi agwiritsabe nchito. Ngati a zipangizo zotere anapunthwa, nanga amene alibe?

Ndidziwa cimene ena adzayankha. Adzati dziko liri ndi ngongole, zipatala zifuna mankhwala, alimi afuna feteleza. Za mafunde tisiyire olemera, ife tizingotengera zimene iwo apeza. Mau amenewa ali ndi kulemera kwake, ndipo sindinena kuti timange Boulder wathu mawa. Zambiri tingatengeredi kwa ena popanda manyazi. Koma taonani ndalama zimene ziyenda pa mafunde. Mu 2022 kampani ya Airtel inalengeza kuti inalipira madola 29 miliyoni pogula gawo la mafunde a 800 ndi 2600 MHz m'Zambia. Kusamutsa kanema wathu kucoka ku kaulutsidwe kakale kupita ku digito, kumene maiko anapangana ku Geneva mu 2006 kuti kuthe pofika 17 June 2015, kunatitengera ngongole yoposa madola 200 miliyoni kucokera ku China. Pa malonda a ukulu wotere, wogula afika ndi akatswiri ake, wokongoza afika ndi ake. Ngati Boma lifika pa gome limenelo lopanda manambala a ilo lokha, lidzagwiritsa nchito a munthu amene likukambirana naye. Makolo anati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka. Kagawo kocepa ka ndalama za zilolezo za mafunde, kataikidwa padera caka ndi caka mwa lamulo, kangalipire zipangizo ndi ophunzira okwanira.

Ndipo anansi athu, amene sali olemera kutiposa, aonetsa kuti nkotheka. Mu 2013 a dipatimenti ya Physics ya pa Chancellor College ku Zomba, motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, anagwirizana ndi MACRA, bungwe loyang'anira mafunde m'Malawi. Anayamba ndi kupima kuti aone mafunde a kanema amene anali kugona osagwiritsidwa nchito, kenaka anayendetsapo intaneti kupita ku sukulu ndi ku cipatala ca kumudzi. M'caka comweco bungwe la boma lofufuza la CSIR linathandiza kuyesa njira yomweyo pa masukulu 10 a ku Cape Town, ndipo South Africa inadzakhazikitsa malamulo ake mu 2018. Kwathu kuno, ku Macha m'dera la Choma, anthu a mudzi pamodzi ndi ofufuza anayala intaneti yopanda mawaya kutali ndi tauni. Mafunde ogona oterewa aculuka kumidzi, kumene kampani yaikulu siona phindu lomangira mlongoti. Munda wogonera upuma nubwezera conde. Funde logonera silisunga kanthu, tsiku likapita lapita. Koma palibe angalole sukulu ya ku Chama kapena ka kampani ka acinyamata a ku Lundazi kubwereka funde lotero ngati palibe mapu oonetsa kuti m'dera limenelo liri cabe.

Mabungwe ogwira nchitoyi sitiyenera kuwapanga atsopano. Tiri ndi NISIR, imene inalowa m'malo mwa National Council for Scientific Research ya 1967. Tiri ndi sukulu za mainjiniya pa Yunivesite ya Zambia ndi ya Copperbelt. Kuyambira 2021 tiri ndi Unduna wa Luso ndi Sayansi. Zambia irinso pakati pa maiko 8 a Afrika amene agwirizana ndi South Africa pa nchito ya SKA, ya mbale zikulu-zikulu zomvera mafunde ocokera ku nyenyezi, nchito imene ifuna malo acete opanda phokoso la mafoni. South Africa inateteza dera la Karoo mwa lamulo la 2007, itayamba yapima. Cimene cifunika ndi cakuti mabungwewa apatsidwe nchito yodziwika, ndalama zosadukiza, ndi ufulu wonena zimene apeza ngakhale zisakondweretse nduna kapena kampani. Nkwabwinonso kuti wopima akhale wina, wogulitsa cilolezo wina, cifukwa amene alandira ndalama za munda sayenera kukhala yekha wogwira cingwe copimira.

Ndiyenera kucenjeza pa cinthu cimodzi, pakuti mau akuti kuyang'anira mafunde ali ndi mbali ziwiri. Kupima mphamvu ya funde sikuli kumvetsera zimene anthu alankhula. Ambiri akumbukira 12 August 2021, tsiku la masankho, pamene WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko muno kufikira Khoti Lalikulu linalamula kuti zitsegulidwe. Kafukufuku amene ndikupempha ndi wa mtundu wosiyana kotheratu, ndipo cizindikiro cake ndi ici: zotulukapo zake ziikidwa poyera. Mapu oonetsa kumene foni igwira ndi kumene siigwira, opimidwa ndi anthu a Boma pa msewu ndi m'midzi osati ojambulidwa m'ofesi ya kampani, ayenera kupezeka kwa mfumu, kwa khansala ndi kwa mphunzitsi. Pamenepo ndalama za thumba lothandiza madera akutali, limene lamulo la 2009 linakhazikitsa, zidzamanga mlongoti pamene pali culu ca mai uja, osati pamene pali mau amphamvu.

Msonkhano wotsatira wa ITU wa za mafunde udzacitika mu 2027, ndipo nkhani zambiri za pa mndandanda wake zikhudza masetilaiti, kuphatikizapo aja amene afuna kulankhula mwacindunji ndi foni ya m'thumba mwanu popanda mlongoti. Nthumwi zathu zidzapita, monga zinapitira ku Dubai mu 2023. Ndipempha aphungu a Nyumba ya Malamulo, maka-maka a madera a m'malire monga Chipata, Chadiza, Vubwi ndi Lundazi, kuti pokambirana bajeti ya Unduna wa Luso ndi Sayansi afunse nduna mafunso awiri: pa ndalama zimene zinalowa kucokera ku zilolezo za mafunde, ndi zingati zinapita ku kupima ndi kufufuza, ndipo m'cikwama ca nthumwi za 2027 mudzakhala miyezo ingati yotengedwa pa nthaka ya Zambia.